Yankho Lachitatu: Zimene Mayeso a Ofuna Udokotala Akutikumbutsa za Phunziro la Kumvetsa Nkhani

Ku Britain, mnyamata kapena mtsikana wofuna kuphunzira udokotala sadalira malikisi a sayansi okha ayi. Masukulu ambiri a ukachenjede amayamba amuyesa ndi mayeso otchedwa UCAT, amene adayamba m'chaka cha 2006 ndi dzina lakuti UKCAT, ndipo kuyambira mu 2019 akulembedwanso ku Australia ndi ku New Zealand. M'gawo loyamba la mayesoŵa mulibe funso la mankhwala, la mafupa kapena la kayendedwe ka magazi m'thupi. Muli ndime 11 za nkhani wamba ndi mafunso 44, anayi pa ndime iliyonse, ndipo kuyambira mu 2025 nthaŵi yake ndi mphindi 22. Tikagaŵa bwino, wolemba ali ndi mphindi 2 zokha zoŵerengera ndime imodzi ndi kuyankha mafunso ake onse. Eni ake amalitcha gawoli Verbal Reasoning, ndiko kunena kuti kulingalira pa mawu olembedwa. Kwa zaka zambiri ndilo gawo limene olemba amapezamo malikisi ochepa kuposa magawo anzake, ngakhale kuti ochuluka mwa iwo ndi ana amene adakhoza bwino koposa m'sukulu zawo.

Ku America nako ali ndi mayeso awo otchedwa MCAT, amene chiyambi chake ndi chaka cha 1928. Mu 2015 adakonzanso gawo lawo la kuŵerenga, ndipo tsopano lili ndi ndime 9 ndi mafunso 53 pa mphindi 90. Ndimezo amazitenga m'mabuku a mbiri, a chikhalidwe cha anthu, a luso la zopekapeka ndi a nzeru za makhalidwe. 

Mwina mufunsa kuti nanga ife, amene tikukonzekera kukaima pa bolodi ku Sitandade 5 kapena ku Folomu 2, zimenezi zitikhudza bwanji? Yankho lathu ndi ili: luso limene mayesoŵa amayesa siligulidwa m'masabata atatu omaliza. Limamera m'phunziro la kumvetsa nkhani, chaka ndi chaka, m'manja mwa mphunzitsi wamba. Ndipo mutu wa luso limenelo ndi kudziŵa kusiyanitsa zinthu zitatu: chimene nkhani yanena, chimene nkhani yakana, ndi chimene nkhani sinanene konse. Chachitatuchi ndicho chimasoŵa m'makalasi ambiri, ndipo ndicho tifuna kuchichitira umboni m'nkhani ino.

Chimene mayesoŵa amafuna

Mafunso ena a UCAT ali ndi mayankho anayi osankhapo limodzi, koma mtundu wodziŵika kwambiri ndi uwu: wolemba amapatsidwa chiganizo, ndipo aŵeruze ngati chili choona, chabodza, kapena ngati sangathe kudziŵa. Lamulo lake ndi limodzi, lakuti aŵeruze potengera ndimeyo basi, osaonjezapo zimene adamva kwina. Kuti timvane bwino, tiyeni tiyese ndi ndime yachidule ya kwathu kuno.

"Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Nyanjayi idaphwa m'chaka cha 1968 ndiponso mu 1995. Anthu a m'mbali mwake amanena kuti ikaphwa, asodzi ambiri amasamukira ku nyanja zina."

Tsono titenge ziganizo zinayi. Choyamba: madzi a mu Chilwa satuluka kudzera mu mtsinje. Ichi nchoona, pakuti mzere woyamba watero. Chachiŵiri: chipitire chaka cha 1970 nyanjayi sinaphwepo. Ichi nchabodza, pakuti 1995 idabwera pambuyo pa 1970. Chachitatu: Nyanja ya Chilwa ndi yaing'ono poyerekeza ndi Nyanja ya Malaŵi. Mwana aliyense wa ku Zomba adzakweza dzanja nadzati nchoona, ndipo pa mapu sakulakwa. Komatu ndimeyo siidatchule Nyanja ya Malaŵi, siidatchulenso kukula kwa nyanja iliyonse. Potengera ndimeyo, yankho ndi lakuti sitingadziŵe. Chachinayi: nyanjayi idaphwa kaŵiri kokha. Apa pali msampha wina. Wolemba watchula zaka ziŵiri, koma sadanene kuti ndi zokhazo. Mawu akuti "kokha" taikamo ndife. Yankho ndi lomwe lija, sitingadziŵe.

Onani tsono kuti wophunzira wochenjera ndiye ali pangozi yaikulu pa chiganizo chachitatu, chifukwa chimene chikumukola ndi nzeru zake zomwe. Amadziŵa zambiri, ndipo zimene amadziŵazo zimathamangira patsogolo pa maso ake. Waŵerenga mawu asanu, mtima wamaliza kale chiganizo chonse. Akulu adati ndadziŵa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mayesoŵa adapangidwa kuti aone ngati munthu angathe kuuza mtima wake kuti udikire kaye mpaka maso atsirize ntchito yawo.

Nanga dokotala zimuthandiza chiyani?

Sitikunena kuti aliyense wokhoza mayesoŵa adzakhala dokotala wabwino. Chifundo, kupirira ndi manja aluso sizipimidwa ndi mafunso 44. Koma chifukwa chimene masukulu a udokotala amalemekezera kaŵerengedwe kotere nchosavuta kuchiona.

Mayi afika pa chipatala nyengo ya dzinja ndi mwana wotentha thupi. Aliyense pa mzere wanena kale mumtima kuti ndi malungo, ndipo kaŵirikaŵiri zimakhaladi choncho. Koma kutentha thupi kumabweranso ndi chibayo, ndi matenda oumitsa khosi, ndi ena ambiri, ndipo mwana wa matenda oumitsa khosi akapatsidwa mankhwala a malungo nkubwezedwa kumudzi, angathe kutsirizika matendawo asanadziŵike. Nchifukwa chake mu 2010 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa magazi asanalandire mankhwala. Langizo limeneli ndi yankho lachitatu lija, litavala chovala cha kuchipatala. Thupi lanena kuti latentha. Silinanene kuti ndi malungo. Sitingadziŵe mpaka tiyeze.

Momwemonso ndi zolembedwa. M'buku la wodwala mukalembedwa kuti "sadadandaule za chifuwa", sizitanthauza kuti alibe chifuwa. Mwina sadafunsidwe, mwina adachita manyazi. Lipoti la kafukufuku likati mankhwala akutiakuti "angathandize odwala ena", dokotala woliŵerenga ngati lati "amachiritsa odwala onse" adzavulaza anthu ndi mtima wabwino. Ntchito ya udokotala njodzaza ndi makalata, malipoti ndi mawu a odwala, ndipo zonsezi zimafuna munthu wodziŵa malire a chimene wauzidwa.

Kwathu kuno nkhaniyi siili kutali. Sukulu ya udokotala ya College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing nkukhala Kamuzu University of Health Sciences. Amene adzaloŵe m'menemo zaka zikudzazi ali m'makalasi amene inu mukukawalandira. Aliponso ana a mabanja a Chimalaŵi okhala ku Britain amene amakumana ndi UCAT maso ndi maso. Koma ngakhale mwana amene sadzaona khomo la sukulu ya udokotala adzaŵerenga pepala la mankhwala a mbewu, kalata ya ngongole ndi uthenga wa pa foni wonena kuti wapambana mphoto. Onseŵa afunika yankho lachitatu.

Pamene phunziro la kumvetsa nkhani limaphonya

Tiyeni tione mmene phunziroli limayendera m'masukulu ambiri. Ana aŵerenga nkhani mokweza, mmodzimmodzi. Mphunzitsi afotokoza mawu achilendo. Kenaka abwera mafunso asanu a kumapeto: Kodi nyanjayi idaphwa chaka chiti? Asodzi amapita kuti? Mwana ayendetsa chala m'ndime, apeza mawu ofanana ndi a m'funso, akopera chiganizo chonse m'kope, ndipo alandira chichongo. Iye waphunzira kusaka mawu, kumene kuli kofunika ndithu, koma ndi khwerero loyamba chabe. Waphunziranso chinthu china mwakachetechete, chakuti funso lililonse lili ndi yankho lake m'ndimemo, ndi kuti kusayankha ndi umbuli. Akachita zimenezi zaka zisanu ndi zitatu, mawu akuti "nkhaniyi sinanene" adzamveka m'makutu mwake ngati kugonja.

Vutoli si lathu lokha. M'zaka za 1978 ndi 1979, mphunzitsi wa aphunzitsi wa ku America, Dolores Durkin, adafalitsa zimene adaona atakhala maola ambiri kumbuyo kwa makalasi a pulaimale akungoyang'ana. Adapeza kuti nthaŵi imene aphunzitsi adathera pophunzitsa ana mmene angamvetsere nkhani siidakwane gawo limodzi mwa magawo 100. Nthaŵi yochuluka idathera pofunsa mafunso ndi kugaŵa ntchito. Kunena kwina, aphunzitsiwo ankayesa luso limene sadaliphunzitse. Kufunsa mwana ngati wamvetsa ndi kumuonetsa njira yomvetsera ndi ntchito ziŵiri zosiyana, monga kulaŵa ndiwo kusiyana ndi kuphika.

Mayi wina wa ku America komweko, Mary Budd Rowe, adapima m'zaka za m'ma 1970 nthaŵi imene mphunzitsi amadikira akafunsa funso. Adapeza kuti ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, kenaka aloza mwana wina kapena ayankha okha. Pamene aphunzitsi adazoloŵetsedwa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana adatalika, ana ambiri adayamba kuyankha, ndipo adayamba kupereka zifukwa za mayankho awo. Sekondi imodzi imakwanira kukumbukira chaka. Siikwanira kuti mwana abwerere m'ndime, afufuze, ndi kulimba mtima kunena kuti chimene mwafunsacho mulibe.

Luso limeneli si lachilendo kwathu

Ena amaganiza kuti kulingalira kotere ndi nzeru ya Azungu imene iyenera kudikira mpaka mwana atadziŵa Chingerezi. Ife tikukana. Pitani pa bwalo la milandu kumudzi, mukamve mmene akuluakulu amafunsira mboni. "Kodi mbuziyo mudaiona ndi maso anu ikudya chimanga, kapena mudangopeza mapazi?" "Munthuyo mudamuona nkhope, kapena mudangoona malaya?" Nduna yodziŵa ntchito yake siilola kuti "ndidamva" asanduke "ndidaona". Ndipo umboni ukapereŵera, mfumu yanzeru siichita manyazi kuimitsa mlandu mpaka tsiku lina. Kumeneko ndiko kunena kuti sitingadziŵe, ndipo palibe amaiyesa mbuli chifukwa cha kutero.

Chinenero chathu chomwe chili ndi zida zake. Taonani kamawu kakuti "akuti". Munthu akanena kuti "akuti mlatho wagumuka", aliyense amamva kuti wolankhulayo sakuikapo mutu wake. Mu ndime yathu ya Chilwa ija, wolemba sadanene yekha kuti asodzi amasamuka. Adati anthu a m'mbali mwa nyanja ndiwo amanena. Mwana wa Sitandade 4 angathe kuiona kusiyana kumeneku mphunzitsi atamulozera, pakuti amakugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku pokana mlandu kwa amayi ake. Taonaninso kusiyana kwa "mvula igwa" ndi "mvula ingagwe", kwa "ana onse" ndi "ana ena", kwa "adadwala atadya" ndi "adadwala chifukwa chodya". Timawu timeneti ndito timanyamula katundu wolemera wa chiganizo, ndipo ndito maso othamanga amatidumpha. M'mayeso a Chingerezi anzake a timawuti ndi some, all, most, may, must, only ndi unless, ndipo ambiri amagwa pomwepo. Mwana amene adazoloŵera kutchera khutu kwa "ena" ndi "onse" m'Chicheŵa sadzayamba kumene pofika pa some ndi all. Adzangosintha chovala, thupi la lusolo ali nalo kale.

Motero tikuti phunziro la Chicheŵa lisayesedwe lopumulirapo. Ndimo mwana angathe kutsutsana ndi mnzake za tanthauzo la chiganizo ndi mphamvu zake zonse, osapunthwa ndi mawu achilendo. M'mera mpoyamba.

Zimene otsutsa anganene

Wina adzati: kodi mayeso opatsa munthu theka la mphindi pa funso akuyesa kulingalira kapena liŵiro? Funso limeneli lili ndi mphamvu, ndipo sitilipeputsa. Wophunzira amene Chingerezi ndi chinenero chake chachiŵiri angathe kulingalira bwino kuposa mnzake wa ku London, koma nkugonja chifukwa cha wotchi. A ku America amapereka pafupifupi mphindi 10 pa ndime imodzi, ndipo ife tiona kuti njira yawoyo ili pafupi ndi mmene munthu amaŵerengera akafuna kumvetsa. Sitikupempha mphunzitsi aliyense kuti aloŵe m'kalasi ndi wotchi m'manja. Chimene tikutenga ku mayesoŵa ndi mtundu wa funso, osati mpikisano wake. Liŵiro limabwera pambuyo, ndipo limabwera lokha kwa munthu woŵerenga zambiri. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wina adzati: ngati lamulo ndi lakuti usaonjeze zimene udziŵa, ndiye kuti kudziŵa zambiri nkopanda ntchito? Iyayi, ndipo apa mpofunika kusamala. Mu 1988 ofufuza aŵiri, Donna Recht ndi Lauren Leslie, adapatsa ana a sukulu nkhani ya maseŵera a baseball. Adapeza kuti ana ofooka pa kuŵerenga koma odziŵa maseŵerawo adaimvetsa nkhaniyo kuposa ana aluso pa kuŵerenga koma osadziŵa maseŵerawo. Chidziŵitso ndicho chimatsegula ndime. Wodziŵa kuti nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi imataya madzi ake ndi dzuŵa adzaimva ndime ya Chilwa msanga kuposa wosadziŵa. Tsono zimene udziŵa zikuthandize kumva, koma poŵeruza chimene wolemba wanena, mboni ikhale ndimeyo. Mphunzitsi ali ndi ntchito ziŵiri: kudzaza nkhokwe ya mwana ndi mbiri, sayansi, ulimi ndi za maiko, ndiponso kumuphunzitsa kudziŵa pamene akutapa m'nkhokwe ndi pamene akutapa m'ndime.

Wina adzatinso: mwana woleredwa bwino sayankha mphunzitsi kuti funso lake lilibe yankho, kumeneko nkuderera. Ife tikuti ulemu ndi mantha ndi zinthu zosiyana. Mwana angathe kuimirira bwinobwino nkunena kuti, "Aphunzitsi, ndafufuza m'ndime monse, koma za kukula kwa nyanja sadanene." Mawu ameneŵa mulibe mwano. Chimene chili choopsa ndi mwana amene waona kuti yankho mulibe, koma apeka lina kuti akondweretse wamkulu. Ameneyo akadzakula adzalemba m'lipoti chimene bwana afuna kumva. Mphunzitsi ndiye ali ndi mphamvu yosandutsa yankho lachitatu kukhala lolemekezeka, pakuliyamikira poyera pamene mwana walipereka ndi chifukwa chake.

Pomaliza wina adzati: makalasi athu ndi aakulu, mabuku ndi ochepa. Nzoona, ndipo chiyambire maphunziro a ulere a pulaimale mu 1994 aphunzitsi ambiri akhala akuima pamaso pa ana ochuluka kwambiri. Koma njira imene tikunenayi siifuna buku la mwana aliyense. Ndime ya Chilwa ija ili ndi mizere itatu. Choko chimodzi ndi bolodi zikwanira.

Zoyenera kuchita m'kalasi

Poyamba, m'chikonzekero cha phunziro lililonse la kumvetsa nkhani, pambali pa mafunso a m'buku, lembanimo ziganizo zitatu zanuzanu: choona, chabodza, ndi chimene ndime sinanene. Chachitatucho chikhale chinthu chimene ana akuchidziŵa kuti nchoona m'moyo, pakuti pamenepo mpamene pali phunziro. Musamaike mayankho mu ndondomeko imodzimodzi masiku onse, ndipo tsiku lina ikani ziŵiri zosadziŵika, kuti ana asaloŵeze kachitidwe kanu.

Kachiŵiri, musalandire yankho lopanda umboni. Mwana akati nchoona, mufunseni kuti, "Tatilozera mzere umene wakuuza." Akati nchabodza, alozenso mzere umene ukutsutsa. Akasoŵa mzere kumbali zonse ziŵiri, iye mwini adzafika pa yankho lachitatu popanda inu kumuuza. Funso lakuti "wadziŵa bwanji?" likhale losasoŵa pakamwa panu, ndipo mulifunse kwa wokhoza ndi wolakwa yemwe, kuti ana asaliyese chizindikiro chakuti aphonya.

Kachitatu, lingalirani mokweza pamaso pawo. Imani pa bolodi nkumanena zimene zikuchitika m'mutu mwanu: "Mtima wanga ukuti nchoona, chifukwa ndidaona mapu. Koma ndibwerere kaye. Mzere woyamba ukunena za mtsinje. Wachiŵiri ukunena za zaka. Wachitatu za asodzi. Za kukula palibe." Uku ndiko kuphunzitsa kumene Durkin adakusoŵa m'makalasi aja. Mwana saona mmene katswiri amaŵerengera, pakuti zimachitika m'kati. Mphunzitsi azitulutse panja.

Kachinayi, seŵerani ndi timawu tating'ono. Lembani chiganizo chimodzi, musinthe liwu limodzi lokha, "ambiri" akhale "onse", "ingagwe" ikhale "igwa", ndipo ana anene chimene chasintha. Nthaŵi zina kalasi idzagaŵanika, ena adzati "asodzi onse amasamuka" nchabodza, ena adzati sitingadziŵe. Musafulumire kudula mkanganowo. Aloleni aone okha kuti wonena "ambiri" sadalonjeze kuti ndi onse, komanso sadalumbire kuti alipo otsala.

Kachisanu, ana akazoloŵera, apeke okha ziganizo za mitundu itatuyi m'magulu ndi kuyesana. Wotchera msampha amaudziŵa bwino kuposa wongouona. Ndipo njirayi isatsekeredwe m'phunziro la chinenero lokha. M'sayansi, mbewu ya mu chitini chimodzi ikafota, funsani ngati zimene taonazi zikutiuza chifukwa chake kapena ayi. M'mbiri, funsani ngati wolemba adaona yekha kapena adamva.

Pa zonsezi dikirani. Mukafunsa, ŵerengani chamumtima mpaka katatu kapena kasanu musanaloze munthu.

Wophunzira akadzakufunsani za mayeso enieniwo

Ena mwa inu mudzaphunzitsa ku sekondale, ndipo tsiku lina wophunzira wa maso akuthwa adzakufunsani mmene angakonzekere mayeso otere. Malangizo athu ndi aŵa. Ayambe miyezi ingapo nthaŵi isanakwane, ndipo masabata oyamba ayankhe popanda wotchi, kufikira atamakhoza mafunso ambiri ndi kutha kunena chifukwa cha yankho lililonse. Akhale ndi kope lolembamo zimene waphonya, ndipo pa chilichonse alembe gwero lake: kodi adaonjeza za m'mutu mwake, adadumpha kamawu kakang'ono, kapena adasokoneza mawu a wolemba ndi mawu a munthu amene wolembayo akumutchula? Pakatha masabata aŵiri kopelo lidzamuonetsa nthenda yake yeniyeni, pakuti anthu ambiri amagwa pa dzenje limodzimodzi kaŵirikaŵiri.

Tsiku lililonse aŵerenge nkhani yolimba ya Chingerezi pa mutu umene sauzoloŵera, ndipo akatsiriza anene m'chiganizo chimodzi chimene wolemba akufuna kuti tivomere. Pambuyo pake ndiye abweretse wotchi, pang'onopang'ono. Popeza UCAT imalembedwa pa kompyuta, azoloŵere kuŵerenga pa galasi lake, pamene sangathe kudula mzere ndi pensulo. Adziŵenso kuti m'mayesoŵa salanda malikisi munthu akaphonya, kotero kusiya funso losayankha nkutaya mwaŵi, ndipo funso louma nkwabwino kuliika chizindikiro ndi kupitirira, kusiyana nkuthera pamenepo mphindi za mafunso anayi. Bungwe loyendetsa mayesoŵa limaika mafunso oyeserera aulere pa intaneti, ndipo ndiwo oyenera kuyambira asanaganize zolipira ndalama kwa wina aliyense.

Komabe tinene mosabisa kuti malangizo onseŵa amathandiza kwambiri amene ali ndi maziko. Mmisiri angathe kunola nkhwangwa m'mphindi zochepa, koma sangasule chitsulo pa tsiku lodula mtengo. Wophunzira amene kwa zaka khumi ndi ziŵiri sadaloledwe kunena kuti "nkhaniyi sinanene" adzavutika kukhulupirira yankho limenelo ngakhale akuliona pamaso pake, ndipo adzasankha "choona" kapena "chabodza" chifukwa chala chake chidazoloŵera kutero.

Inu amene mukupita kukayeserera kuphunzitsa chigawo chikudzachi, tikupemphani chinthu chimodzi chaching'ono. M'phunziro lanu loyamba la kumvetsa nkhani, ikanimo chiganizo chimodzi chimene ndime sinanene, ndipo muŵerenge manja amene adzakwere kunena kuti nchoona. Chitani chimodzimodzi sabata iliyonse, ndipo pa sabata yomaliza muŵerengenso. Mudzabwere nazo ziŵerengerozo kuno ku koleji kuti tidzakambirane pamodzi, pakuti ifenso, tisanaone zimene mudzapeze m'makalasi mwanu, sitifuna kuŵeruza mlandu umboni usanafike.